Zisa Zotsala pa Moto

A Gracian anaima patali ndithu, ndodo ili m'manja, n'kumatokosa phulusa ngati munthu wofuna kutsimikiza kuti njoka yafadi. Mng'oma wa njuchi wa akazi awo unali utagona chammbali m'tsinde mwa mpanda wa nkhadze. Mbali imodzi inali makala okhaokha, inayo itangodetsedwa ndi mwaye. Fungo la petulo linali lisanathe, ndipo nyerere zinali zitalambula kale msewu wopita pamene uchi unadonthera.

Anatembenuza thabwa limodzi ndi nsonga ya ndodo. Nthawi yomweyo kanthu kena kanalira pafupi ndi khutu lawo. Anaponya ndodo uko n'kudumphira kumbuyo, manja ataphimba kumutu. Inali ntchentche chabe.

"Ababa, chokaniko kumeneko," anatero Winnie, mwana wawo, ataima pakona pa nyumba. Sanakweze mawu. Chichitikireni zija, pakhomopo panalibe wolankhula mokweza. "Anthu akukuonani."

Ankawaonadi. Kuseri kwa mpanda, panjira yotsikira ku siteji ya minibasi, amayi awiri osenza zidebe anali ataima. Ataona kuti a Gracian acheuka, anapitiriza ulendo wawo, osapereka moni, osanena n'komwe pepani wa maliro. Anali anthu oti akhala nawo mu Chigumula muno zaka zambiri, ndipo ana awo ankavala mayunifolomu osokedwa ndi a Gracian omwewo.

A Ellen, akazi awo, anali ataikidwa m'manda dzulo lake. Anadwala shuga nthawi yaitali, ndipo imfa yawo sinadabwitse munthu. Chimene chinasokoneza dera lonse ndi zimene zinachitika pa tsiku loika maliro.

Mwambo wa pakhomo utatha, a kwaya atayamba nyimbo yonyamulira bokosi, bambo Hamdan, aneba awo a kumtunda, anabwera ndi lole yawo. Ngakhale anali Msilamu, ndiwo ankanyamula maliro ambiri a m'deralo, a mpingo uliwonse, osadikira kupemphedwa kawiri. Pabwalo panali pothina ndi anthu, ndiye anabwerera chammbuyo pang'onopang'ono kuti ayandikire khonde. Kumbuyo kwa lole kunakankha mpanda wa nkhadze, mpanda unakankha miyendo ya mng'oma, ndipo mng'oma unagwa.

Zimene zinatsatira a Gracian ankazikumbukira zidutswazidutswa. Amayi a mpingo akuthawa atafunda zitenje kumutu. Mipando ya pulasitiki ikugudubuzika. Mwana akulira pansi pa benchi. Onyamula bokosi analitula pakati pa bwalo n'kuliyatsa liwiro. Bambo Hamdan akanatha kukweza magalasi n'kukhala phee m'lolemo, koma anatsika kukadzutsa gogo wina amene anagwa pachipata, ndipo njuchi zinathera pa iwo. Anawathamangira nawo kuchipatala nkhope itatupa, maso atatsekeka, akupuma mobanika.

A Gracian nawonso anathawa. Analowa m'nyumba, anatseka chitseko n'kukhoma. Atasuzumira pazenera anaona bokosi la akazi awo lili lokha padzuwa, nkhata za maluwa zitamwazika, popanda ndi mmodzi yemwe woima pambali pake. Anayesa kutambasulira dzanja kuchitseko, dzanja linakana.

Mantha amenewo anali akale. Ali mwana ku Mulanje, kumene makolo awo anafikira pochokera ku Mozambiki, anaonerera njuchi zikupha mbuzi ya bambo awo imene inali yomangirira pamtengo. Kulira kwa mbuziyo sanakuiwale. A Ellen atasiya ntchito yolongedza tiyi ku Limbe n'kuyamba kuweta njuchi monga ankachitira bambo awo, a Gracian anakana, anakalipa, kenako anagonja. Popeza anali telala, anawasokera ovololo, magolovesi ndi chipewa cha neti, koma kuseri kwa nyumba sanapondekonso. Akazi awo akamatsegula mng'oma, iwo ankaonerera pazenera lotseka.

Maliro anaikidwa dzuwa litapendeka, ndi anthu owerengeka. Pochokera kumanda anapeza utsi ukufuka kuseri kwa nyumba. Nazir, mwana wa bambo Hamdan, amene ankayendetsa njinga yamoto ya kabaza, anali atabwera ndi anzake ndi botolo la petulo. Njuchi zambiri zinapsa, zina zinathawa utsi.

Pamenepo nkhani inayamba kuyenda. Ena ankati malemu anakana kupita kumanda. Ena ankati sizinali njuchi wamba, zinali ziweto zawo zimene zinabwera kudzalanda thupi. Munthu wamkazi kuweta njuchi pakati pa nyumba za anthu, osachita mantha, osatupa, ankadalira chiyani? Za lole ndi mpanda panalibe wozitchula.

Masana a tsiku lotsatira maliro a Mabvuto, alongo awo a malemu, anaitanitsa banja pabalaza. Anali munthu wathupi, woyang'anira alonda pa kampani ina ku Mandala, wozolowera kuti akanena chinthu chichitike. Koma tsikulo maso awo ankangothawira kuzenera, ndipo a Gracian anazindikira kuti mlamu wawoyo nayenso mtima suli m'malo.

Anayamba ndi kukumbutsa kuti pulotiyo inali ya makolo a malemu, ndipo mwamwambo mkamwini akaferedwa amasudzulidwa. Iwo analibe maganizo othamangitsa munthu, anatero, koma zinthu zinali zitasintha. Anali atamva kwa anyamata a pa siteji kuti bambo Hamdan akapanda kudzuka, moto umene unadya mng'oma udzafika padenga la nyumba. Anakumbutsa kuti nkhani zotere zimayamba ndi manong'onong'o n'kuthera pa miyala. Nzeru yawo inali yoti nyumba itsekedwe, a Gracian apite kwa Winnie ku Naperi, puloti igulitsidwe zinthu zisanafike poipa. Ndipo zonse za njuchi, ovololo, chipewa, zidebe, zitenthedwe poyera, anthu aone kuti banja silikugwirizana nazo.

"Tikatentha poyera, alamu, ndiye kuti tavomera," anatero a Gracian motsitsa.

"Tavomera chiyani?"

"Kuti mlongo wanu anali chimene akunenacho."

A Mabvuto anapukuta thukuta m'khosi ndi kansalu. "Mlongo wanga wagona, mwala sungamupweteke. Ine ndikunena za amoyo."

Winnie, amene ankagulitsa mankhwala mu famase ina m'tauni, anali asanaone tulo chimwalirire mayi ake. Ananena kuti kwake chipinda chilipo ngakhale n'chaching'ono, ndipo makina osokera akhoza kukwana pakhonde. Ali mkati molankhula, mwala unagwa padenga la malata. Unagudubuzika pang'onopang'ono mpaka kukagwera pansi kuseri. Onse anadikira wachiwiri. Sunabwere. Dzuwa linali paliwombo. Woponyayo sanaone chifukwa chodikira mdima.

A Gracian anati amva, aganiza.

Chakumadzulo a Mabvuto anawauza kuti asonkhanitse zotenthazo, ndi zotsalira za mng'oma zomwe, kuti mawa lake ziyatsidwe panja pa chipata. A Gracian anatenga chidebe chokhala ndi chivundikiro n'kupita kuseri, akuponda ngati pansi pali minga. Atakanula mbali imene moto sunadye, anapeza zisa zingapo zikadali zolendewera ku timatabwa take. M'mphepete zinali zitasungunuka, koma pakati zinali zamphumphu, zakuda bii ndi ukale, timabowo tina tikadali ndi uchi. Ananyamula chimodzi ndi zala ziwiri. Chinali chopepuka kuposa mmene ankaganizira. Ndipo fungo lake linawapeza asanakonzeke. Linali fungo la m'manja mwa a Ellen, limene sopo sankalichotsa, limene linkatsalira pa pilo ndi pa kapu yawo ya tiyi.

Anakhala pansi paphulusa pomwepo. Pamaliro sanalire, mantha anali atatseka njira ya misozi. Apa analira pang'ono, mwakachetechete, khutu limodzi likumvetsera ngati kukubwera njuchi kapena munthu.

Makala ndi matabwa opserera anaunjika pamene a Mabvuto ananena. Zisazo anaziika m'chidebe, anavundikira, n'kukachibisa m'chipinda chosungira katundu, kuseri kwa matumba a chimanga. Akanafunsidwa chifukwa chake, sakanapeza choyankha.

M'mawa mwake Winnie, amene ankasesa pakhonde, anasiya tsache n'kulowa m'nyumba nkhope itasintha. Anati mayi Afisa, akazi a bambo Hamdan, akubwera, ndipo ali okha.

A Gracian anatulukira pakhonde. Munthu amene mwamuna wake ali gone m'chipatala sabwera m'mamawa kwa eni njuchi ndi uthenga wabwino. A Mabvuto anaima kuseri kwa chitseko, nsapato imodzi ili kuphazi ina m'manja. Winnie anali atagwira kale foni, osadziwa woti amuimbire.

Mayi Afisa anali aafupi, ogulitsa nsomba zouma mumsika wa Limbe. Anakana mpando, anakhala pa sitepe n'kukonza mpango wawo kumutu. Anapereka moni, anapepesa za maliro, bwinobwino osafulumira. A Gracian anafunsa za odwala. Mayiwo anayankha kuti akadali ndi kapaipi ka mpweya m'mphuno, diso limodzi latseguka, madokotala sakulonjeza kanthu koma sanataye mtima. Zonse zili m'manja mwa Mulungu.

Kenako ananena chimene anabwerera. Njuchi zimene zinathawa moto zinali zitaunjikana panthambi ya mango kwawo, pafupi ndi khitchini ya udzu, chimulu chachikulu ngati thumba la ufa. Adzukulu awo anali atawatsekera m'nyumba chidzukireni. Nazir anali atapita kukafuna petulo ndi nsungwi yaitali.

"Ndi dzuwa la Okutobala ili, akayatsa pamenepo ipsa khitchini, upsa mpanda, zipsa nyumba za lendi zili kuseri kwathu," anatero. "Ndipo anthu sadzanena kuti wayatsa ndi Nazir. Adzanena kuti ndi Ellen. Bwerani mudzatenge njuchi zanu, bambo a Winnie."

A Mabvuto anayankha ali m'kati kuti banja lino lilibenso njuchi. Mayi Afisa sanacheukire kumeneko. Anangoyang'ana a Gracian, munthu amene dera lonse linkadziwa kuti amathawa ndi bemberezi yemwe.

"Ine sindinagwirepo njuchi, amayi."

"Ndikudziwa. Koma zovala zake zili kuno."

Atatero anadzuka, anakutumula chitenje, n'kubwerera kumtunda osadikira yankho.

M'chipinda chosungira katundu munali mng'oma wina waung'ono, umene a Ellen anakhometsa kwa kalipentala kuti adzakolere gulu lina la njuchi. A Gracian anaulanda n'kumasungiramo zigamba, poopa kuti njuchi zingachuluke pakhomo. Tsopano anakhuthula zigambazo pansi. Zimene ankadziwa zinali za pazenera, ndi zimene akazi awo ankakonda kunena pa chakudya, kaya pali womvetsera kaya palibe. Ankati njuchi zopanda pokhala sizilusa kwambiri chifukwa zilibe choteteza. Ankati zimatsata fungo la kwawo, ndipo ukamangirira chisa chakale m'nyumba yatsopano zimalowa ngati zabwerera kumudzi. Manthu wawo, mfumukazi ya njuchi, akangolowa, zonse zalowa.

Anatulutsa zisa zija m'chidebe, anadula mbali zopserera ndi mpeni, n'kung'amba zigamba kukhala timizere topyapyala. Anayesa kumangirira chisa choyamba ku kathabwa ka mng'oma watsopanowo. Chinapulumuka. Anayesanso, mfundo inakana. Munthu woti ankalowetsa ulusi pa singano popanda magalasi analephera kumanga mfundo ya chigamba.

Winnie anali ataima pakhomo, manja atapinda pachifuwa.

"Ababa, zikakulumani zonse zija, mufa. Zikakumverani, anena kuti inunso ndinu mfiti. Mwasankha chiti?"

"Sindinasankhe, mwana wanga. Tandigwirira apa."

Winnie anamasula manja pachifuwa. Kenako anagwada n'kugwira chisacho ndi manja awiri, mosamala ngati wanyamula dzira, bambo ake n'kumamanga. Anapitiriza choncho mpaka zisa zonse zitalendewera m'malo mwake.

A Mabvuto ataona mlamu wawo akutulutsa ovololo m'thumba la zotentha, anati zovala za malemu sizivalidwa zisanagawidwe, ndipo iwo asamba m'manja pa chilichonse chimene chichitike. A Gracian anapepesa n'kuvala. A Ellen anali aafupi, ndiye ovololo inalekezera pamwamba pa akakolo ndi pamwamba pa mfundo za manja. Winnie anamanga miyendo ya buluku ndi zigamba, anakoka magolovesi mpaka pamene akanafika, n'kuwaveka chipewa cha neti. M'kati mwa neti dziko linkaoneka lotuwa, ndipo a Gracian ankamva kupuma kwawo komwe.

Anakwera njira ya kumtunda atakumbatira mng'oma, Winnie ali pambuyo atasenza katebulo. Anthu anayamba kutuluka m'nyumba. Poyamba ankangosuzumira, kenako anayamba kutsatira chapatali. Wina ananong'ona mokweza kuti taonani, wavala za mkazi wake. Mayi wina anakokera mwana wake kumbuyo. A Gracian ankayembekezera mwala pamsana pa phazi lililonse limene ankaponda, ndipo sankadziwa choopsa kwambiri, chimene chinali kumbuyo kapena chimene chinali kutsogolo.

Anapeza Nazir ali pabwalo, atamangirira sanza kunsonga ya nsungwi, botolo la petulo lili pambali. Maso ake anali ofiira, a munthu amene wakhala akugona pabenchi ya chipatala. Ataona ovololo ija anaimirira. Anati munthu ameneyu asaponde pakhomo pano, bambo ake akumenyana ndi imfa chifukwa cha zinthu za kwa iwowa.

"Ndawaitana ndine," anatero mayi Afisa. Sanakweze mawu, koma anthu amene anali kumpanda anamva. "Bambo ako anagunda mng'oma ndi lole. Ndinali pomwepo, ndinaona ndi maso angawa. Ika nsungwiyo pansi."

Nazir sanaike pansi, koma sanayatse. Anabwerera m'mbuyo mpaka pamene panali njinga yake, nsungwi ili m'manja, ngati kunena kuti mukalephera ndili pano.

A Gracian anaika katebulo pansi pa nthambi, mng'oma pamwamba pake, n'kuchotsa timatabwa ta pakati kuti pakhale polowera. Anauza Winnie kuti akalowe m'nyumba. Kenako anakweza maso. Chimulucho chinali pafupi kuposa mmene ankafunira, chakuda, chikuyenda chokha ngati chikupuma, chikulira mawu otsika amene ankamveka mpaka m'mano. Kulira kwa mbuzi ija kunabwerera m'makutu mwawo. Neti inamata pamphuno ndi thukuta. Anamva kuti chikhodzodzo chikufuna kuwachititsa manyazi pamaso pa dera lonse.

Anakwera pa mtondo umene mayi Afisa anawagudubuzira. Anagwira nthambi ndi manja awiri. Anayamba pemphero, linasokonekera pakati, analisiya.

"Mayi a Winnie," ananong'ona, "njuchi zanu ndi izi."

Ndipo anagwedeza kamodzi, mwamphamvu.

Chimulu chinathothoka n'kugwera mu mng'oma kuti khu, ngati bulangete lonyowa. Mpweya unada. Kumpanda kunamveka mapazi a anthu othawa, chitseko china chinamenyeka. Njuchi zinkagunda neti ngati mvula yoyamba pa malata. Zinatera pamapewa, pamikono, pachifuwa. Thupi lonse linkawauza kuti adumphe athawe, akatseke chitseko monga anachitira tsiku lija. Koma a Ellen ankati wothawa ndi woponya manja ndiye amalumidwa. Anatseka maso n'kuima ngati chitsa.

Sanadziwe kuti anaima nthawi yaitali bwanji. Atatsegula maso, mtambo uja unali ukuchepa. Njuchi zimene zinagwera pakatebulo zinali zitatembenukira kumodzi, zikukwera khoma la mng'oma mondondozana. Pakhomo pake zina zinaima zitakweza matako, zikukupiza mapiko, kuitana zinzake zimene zinali m'mwamba. Anasuzumira m'kati. Zisa zakuda zija sizinkaonekanso, njuchi zinali zitazikuta.

Anatsika pamtondo. Anabwezera timatabwa kamodzikamodzi, akukankha njuchi ndi chala pang'onopang'ono kuti asaziphwanye. Ali pa kotsiriza, imodzi inalowa pamene ovololo inalekezera, pakati pa mkono wa malaya ndi golovesi. Anaimva ikuyenda pakhungu, kenako moto. Anakukuta mano, koma thabwa sanalitaye. Anavundikira mng'oma n'kuyenda, osathamanga, mpaka pakhonde la mayi Afisa, pamene anakhala pansi.

Winnie anatuluka ndi masamba a mango n'kumasasa njuchi zimene zinali zitatsalira pamsana pawo. Anthu anali atayamba kubwerera kumpanda. Wina anati mwaona, zamumvera. Mkulu wina anayankha kuti njuchi zonse zimatero, kwawo ku Thyolo anaziona kambirimbiri. Anabalalika akutsutsana, ndipo a Gracian anadziwa kuti nkhaniyo sinathe, mwala ukhoza kudzagwanso padenga. Nazir anamasula sanza kunsungwi, anathira petulo uja m'thanki ya njinga yake, anatenga chakudya cha odwala chimene mayi ake anamukonzera, n'kunyamuka osayang'ana munthu.

A Mabvuto anali atatsatira ndithu, koma anathera pachipata. Anauza Winnie kuti iwo akubwerera ku ntchito, za puloti adzakambirana mwezi ukatha, ndipo zotentha zija aone okha chochita nazo. Winnie anati iye sabwerera ku Naperi msanga, apempha tchuthi. Anagwirizana ndi bambo ake kuti dzuwa likalowa, njuchi zonse zikalowa m'kati, anyamula mng'omawo kupita nawo kudimba la mayi ake, kumunsi kwa mtsinje, kumene kulibe nyumba za anthu.

Apo ndi pamene a Gracian anavula chipewa ndi golovesi. Pamfundo ya dzanja panali patayamba kufiira, mbola ikadali pomwepo, kathumba kake koyera kali kunsonga. Anabweretsa zala ziwiri kuti aizule.

"Musatsine," anatero mayi Afisa. "Mukatsina mufinyira ululu wonse m'kati. Bweretsani kuno."

Anagwada pambali pawo n'kutambasula chala chachikulu cha kumanja. Zikhadabo zawo zonse zinali zowengedwa bwino kupatula chimenecho, chimene chinali chachitali. Anachigoneka pakhungu n'kupala kamodzi chammbali, mbola inachoka.

A Gracian anangoyang'ana chikhadabocho. A Ellen anali nacho chotero, pa chala chomwecho. Zaka zonsezi iwo ankati ndi ulesi wowenga, ndipo kangapo anawathamangitsa ndi sizasi ya ntchito mwanthabwala, a Ellen n'kumabisa dzanja kumbuyo akuseka.

Mayi Afisa anafotokoza akupukutira mbolayo pachitenje. Anati a Ellen atangoyamba kuweta njuchi anayenda khomo ndi khomo kuuza amayi kuti mwana akalumidwa, kaya ndi njuchi zawo kaya za kutchire, azithamangira naye kwa iwo. Ana ambiri a m'deralo anadutsa pa chala chimenecho, a Gracian ali ku Limbe pa makina. Chaka chatha shuga atawaononga maso, mbola osaionanso, anabwera n'kukhala pakhonde lomweli.

"Anandigwira chala ichi, amvekere, amayi, kuyambira lero musamawenge, maso anga atha. Anzanga a ku mzikiti amandinena nacho, koma ndinalonjeza."

Winnie anatembenukira kumbali n'kuphimba kumaso ndi masamba aja. Pansi pa mango mng'oma unkalira motsitsa, njuchi zotsalira zikutera pakhomo pake imodziimodzi.

Mayi Afisa anali asanasiye dzanja la a Gracian. Anawerama n'kuuzira pamene panali mbola, pang'onopang'ono, monga amachitira ndi mwana.

"Ankamaliza chonchi," anatero.